Wosema Sakudziwika

Usiku umenewo Misozi anatumidwa kukapukuta zithunzi zakale mu hotela yomwe ankagwirako ntchito ku Al Dafna, kudziko la Aluya, zithunzi zija akale ankazisema pathabwa n'kuzidinda papepala. Pansi pa chilichonse panalembedwa kuti wosema sakudziwika.

"Akale ankangosema," anatero Felister, mnzake wa pantchito. "Dzina lotchuka linali la mwini shopu. Yalla, fulumira, ine ndatsogola."

Misozi anatsala yekha. Anakumbukira malemu atate ake ku Chipata, amene anakalamba akusemera eni sitolo zidindo za nsalu. Chiwaikireni m'manda, iye anali asanawamangire chiliza. Chaka chilichonse ankati adzamanga kontrakiti ikatha.

Kenaka anamva fungo la inki yaiwisi. Pakapeti pomwe anali atangosesa panali tiziduswa ta mlombwa. Kuseri kwa khoma chosemera chinayamba kugogoda, go, go, go, n'kuima kaye kuti mwiniwake atsokomole, monga ankachitira iwo aja.

"Atate?"

Kugogoda kunaleka. Mawu anatuluka kuseri kwa galasi la chithunzi, otopa koma opanda mkwiyo.

"Mwananga, anthu akadutsa pamanda paja amafunsana kuti wagona apa ndani. Ine ndiziwayankha bwanji?"