Mlendo Adye Mutu

Lamulo limati chambo chilichonse chikangotuluka m'madzi chipite kufakitale, akachiumitse m'mafiriji, chikwere sitima ya kunja. Mudzi umatsala ndi mitu yokha, khomo lililonse isanu pa Lachisanu.

Nankhoma ankangolowa ndi kutuluka, mtima suli m'malo. Apongozi ake anali m'njira, ndipo pakhomo pano mlendo wolemekezeka amapatsidwa mutu wa nsomba.

"Bambo a Tinenenji, ndiwalemekeza ndi chiyani?" anafunsa mwamuna wake, Bizwick. "Mutu aliyense akudya masiku ano, ndi agalu omwe."

Bizwick, amene amadula mituyo kufakitale, anasuzumira kunja kaye. Kenaka anatulutsa m'thumba mutu umodzi wotsalira mnofu wa zala zitatu kumbuyo kwake.

"Ndinaphonyetsa mpeni dala. Akapitawo akadziwa, ntchito yatha."

Nankhoma anauphika chitseko chili chotseka, kuopa fungo.

Pa chakudya apongozi anauyang'anitsitsa. Ananyema mnofuwo n'kupatsa mdzukulu wawo wa zaka zisanu.

Tinenenji anaununkhiza, anautembenuza, n'kuubweza m'mbale.

"Agogo, mutu uwu wamera chiyani?"