Mawere a Mbewu

Yuniya anatsegula chipanda cha mawere a mbewu. M'chikwere, chinkhwe cha mwamuna wake Hosea chinali chitazyolika, nthenga zikuthothoka, chinangwa cha dzulo chili pomwepo osachikhudza. Kuyambira tsiku limene asilikali a kampani ya azungu anamanga Hosea pagombe n'kupita naye ku chibalo, mbalameyo sinaitanenso "Yuniya!" ndi mawu a mwamuna wakeyo monga inkachitira kale.

"Alamu, mvula yayandikira," anatero Lea, mlongo wa Hosea. "Mukadyetsa mbalame mbewu, ife tidzabzala chiyani?"

Yuniya anathira mawere m'chikhatho n'kulowetsa dzanja m'chikwere.

Chinkhwe chinajompha, chinajomphanso, n'kudzikung'untha. Kenako chinadzutsa mutu n'kukuwa ndi mawu enieni a Hosea, monga anakuwira tsiku lomangidwa lija:

"Ndisiyeni! Ndisiyeni!"

Yuniya sanabweze dzanja.