Mipando ya m'Galimoto ya Apongozi

Mpando woyamba unatuluka mosavuta. Wachiwiri unakanirira, bawuti imodzi itadyedwa ndi dzimbiri, mpaka Manjalende anachita kuudula ndi sowo, thukuta lili kamukamu.

Manjalende silinali dzina lake lobadwa nalo. Anamupatsa ndi apongozi ake aamuna chaka chimene ntchito yake yowotcherera zitsulo inatha, iye ndi mkazi wake n'kusamukira kuchipinda chakuseri kwa nyumba ya mkuluyo. Dzina lachipongwe silichedwa kumera mizu. Ngakhale mkazi wake yemwe nthawi zina linkamupulumuka pakamwa, ndipo zinkamuwawa.

M'galaja ya apongoziwo munali galimoto yamakedzana, yobiriwira, ya mphuno yaitali, imene inasiya kuyenda mkazi wa Manjalende akadali pasukulu. Lolemba mkuluyo analengeza kuti Loweruka kubwera munthu kudzaiona.

"Ikachoka, galajayi ndi yanu, muziwotchereramo zitsulo zanuzo. Akaikana, ikhala momwemo mpaka ine kufa. Inu muitsuke basi."

Atatero anapita kukacheza kwa mlongo wake, nati abwera Loweruka lomwelo.

Galaja! Manjalende anayamba kale kuona chikwangwani chake pakhomo, ndi dzina lake lenileni litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Koma atatsegula chitseko cha galimotoyo anagwa ulesi. Mipando inali yachikopa chofiirira, chong'alukang'aluka ngati chidendene cha munthu wosavala nsapato, ndipo ukakhalapo masipuling'i ankadandaula mokweza. Ndani wamutu wake angagule zoterozo? Sopo ndi madzi sizikanaphula kanthu. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo ya galimoto yosayenda ndi mipando.

Anapita kwa mnzake wophwasula magalimoto a ngozi, nasinthanitsa njinga yake yokhayo ndi mipando iwiri yamakono. Inali yakuda bii, yonenepa, yokhala ndi potsamira mutu komanso mabatani m'mbali.

Mavuto anayambira pa mabowo a mabawuti, amene sanagwirizane ngakhale limodzi. Manjalende sanatekeseke. Anaduladula zitsulo za mipando yakale ija n'kuwotcherera tsinde latsopano. Mpando unakhazikika ndithu, koma unakwera kwambiri, moti atakhalapo mutu unagunda denga, khosi n'kupindika. Munthu wina akanatsitsa mpando. Manjalende anakweza denga. Analowa ndi hamala, n'kumenya chamkati tsiku lonse, mpaka pamwamba pa galimoto panatupa mitu iwiri, wina wa dalaivala, wina wa wokwera.

Kenako zitseko zinakana kutsekeka chifukwa mipandoyo inali yotambalala, ndiye anazisenda mkati mpaka kutsala lata lokha. Giya inapanikizika pakati, yongolowa yobwerera m'mbuyo yokha, koma galimoto yosayenda ingadandaule chiyani za giya? Mawaya a mabatani anawalumikiza ku batire lobwereka kudzera pa waya woyamba amene anaupeza. Ukadina batani, mpando unkagona chagada, hutala n'kulira. Iye anaona kuti zimenezo n'zothandiza, anthu pamsewu azidziwa kuti dalaivala wagona.

Chikopa chakale chija anachidula timizeremizere, n'kumangira mawaya ndi kutsekera mabowo a pansi. Zotsala zonse anazitentha kuseri kwa nyumba kuti wogula asazione n'kuchita nseru.

Lachisanu mkazi wake anaima pakhomo pa galaja, manja m'chiuno.

"Inu, kodi bambo sanati mutsuke basi?"

"Mayi, munthu akakutuma madzi iwe n'kubwera ndi tiyi, angakukalipire?"

"Nanga mitu ili padengayo?"

"Kapangidwe kamakono kameneko. Tabwerani mudzakhale."

Mayiyo anakhala monyinyirika, nadina batani, n'kupezeka ali chagada hutala ikulira. Anaseka mpaka misozi. Atadzuka anavomera kuti msana wake sunakhalepo pabwino chotero chibadwire, ndipo anamutchula mwamuna wakeyo dzina lake lenileni kawiri konse. Manjalende anamva kukoma mumtima.

Loweruka m'mawa apongozi anafika limodzi ndi wogula, bambo waimvi wovala magalasi, galimoto yake ikukoka kangolo konyamulira magalimoto. Manjalende ataona kangoloko anadziwa kuti munthuyu wabwera atatsimikiza kale. Anawalandira atavala malaya ositidwa, natsegula chitseko cha galimoto ndi manja awiri, nadina batani.

Apongozi anangoti kukamwa yasa. Wogulayo anasuzumira mkati, navula magalasi, nawapukuta, nasuzumiranso. Anayang'ana pansi, anayang'ana denga. Mawu anamuthera, ndipo Manjalende sanadabwe, poti ntchito yabwino imatero. M'mutu mwake anali atayamba kale kusankha pakona poika makina ake owotcherera.

"Pepani achimwene," anatero wogulayo motsitsa mawu, "mipando yake ija mwaisunga kuti?"

"Zinyalala zija? Musade nkhawa bwana, ndinathana nazo. Kwatsala phulusa lokha."

Bamboyo anatsamira khoma.

"Galimoto ngati iyi ndili nayo kwathu, yoyenda bwinobwino. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikusakasaka mipando yake yeniyeni. Tinapangana ndi bambowa kuti akandipatsa mipandoyo, chiphakasa ichi ndiwachotsera m'galajamu."

Anavala magalasi ake, nanyamuka kangolo kali kopanda kanthu.