Pampu ya ba Chilekwa

Eneless anatunga madzi m'chitsime chake n'kuwanunkhiza. Ankamveka sopo. Osati wake wochapira uja, koma wonunkhira, wa anthu osambira m'nyumba.

Kuseri kwa mpanda pampu inali kulira chapansipansi. Ba Chilekwa, tcheyamani wa Chipani m'dera lino la Kanyama, anaiika m'bafa mwawo kuti izikweza madzi osambira n'kuwataya kunja, poti pathanthwe pano madzi salowa pansi. Paipi yake anakwirira okha, osaitana munthu. Chiyambire kulira pampuyo, mwana wa Eneless ankangotsegula m'mimba.

Eneless atawaona ba Chilekwa akudutsa, anawaitana.

"Ba Tcheyamani, paipi ija imathera kuti?"

"Ku ngalande, amai. Vonse vili bwino, na waya wa malaiti ninaika pamwamba. Kapena simukhulupirira Chipani?"

Eneless ankadziwa kuti funso limenelo linalanditsapo anthu malo pamsika. Anatenga kapu ya alendo, anatunga m'ndowa ya madzi a m'chitsime aja, anagwada monga anamuphunzitsira kwawo ku Katete, n'kupereka ndi manja awiri.

"Kwatentha, atate. Imwani manzi."

Amayi oyandikana nawo anasiya kuchapa. Ba Chilekwa analandira kapuyo, pakuti madzi a munthu wogwada sakanidwa. Anaikweza mpaka pamlomo, ndipo mphuno inawauza kuti sopoyo ndi wawo. Dzanja linaima pomwepo.

Kuseri kuja pampu inali kulirabe. Eneless sanadzuke.

"Imwani," anatero. "Mwana wanga amamwa yamene aya."