Kabokosi ka Pakhonde pa Nasibeko

Lachitatu lililonse kabokosi ka boma kokhomedwa pakhonde kankafunsa funso limodzi, ndipo nyumba iliyonse inkayankha podina batani. Kwa Nasibeko ankadina ndi mwamuna wake, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ankangovomera chilichonse. Atamwalira, ntchitoyo inagwera mayiyo.

Sabata ina kabokosi kanafunsa ngati mudzi usamutsidwe kuti pamangidwe damu. Nasibeko anayang'ana kumanda, kumene mtumbira wa mwamuna wake unali usanamere udzu.

"Amayi, vomerani," anatero mwana wake Tiyanjane. "Yankho likasintha amabwera kudzafunsa. Bwanji akatichotsa pa mndandanda wa feteleza?"

Nasibeko anapukuta chala pachitenje, n'kudina chokana.

Patapita masiku atatu kunabweradi mayi wina wa ku boma panjinga yamoto. Nasibeko anamuyalira mphasa.

"Amayi, nyumba ino sinakanepo kanthu chiyambire," anatero mlendoyo. "Kapena kabokosi kawonongeka?"

"Kali bwinobwino. Wadina ndi munthu wina."

Mlendoyo atafunsa chifukwa, Nasibeko anamutengera kumanda. Kumeneko mlendoyo anavula nsapato, nalemba kwa nthawi yaitali.

Damu silinaimitsidwe, ndipo feteleza analandira ngati kale. Koma mwezi wotsatira kabokosi kanafunsa ngati boma liyambe lasamutsa manda mwaulemu, anthu asanasamuke. Nasibeko anavomera, kenako anauza Tiyanjane kuti akadziwitse abale onse a malemuwo, chifukwa bambo akewo nawonso ali pa ulendo.