Ziro wa Atija

"Atija, wakopera kwa Nélio," anatero aphunzitsi a Marcelino, atanyamula mapepala awiri a mayeso a masamu.

Atija anaimirira. M'kalasi monsemo, amene anapeza x pa funso la logaritimu anali iye ndi Nélio basi, ndipo mayankho awo ankafanana mzere ndi mzere. Nélio, yemwe pa mayesowo anakhala kumbuyo kwake n'kumasuzumira paphewa, tsopano ankangoyang'ana njinga zamoto pawindo.

"Aphunzitsi, ndipatseni choko. Mulembe funso lina pa bolodi, tonse awiri tiliyankhe pompano."

"Iwe wa kumudzi ku Lione, wobwera ndi matope a m'munda wa mbatatesi, ungadziwe logaritimu kuposa mwana wa injiniya?"

Ena anaseka. Atija sanabweze dzanja lake limene anatambasula kuti alandire choko. Zala zake zinali zong'aluka ndi chisanu cha ku Lichinga.

"Nélio, nena zoona," anatero motsitsa mawu.

Nélio anadzikanda m'khosi, osatembenuka.

Aphunzitsi anaika choko m'thumba la jekete. Papepala la Atija analembapo ziro wamkulu wofiira, kenako anaitana Nélio kutsogolo kuti anzake amuombere m'manja.