Nyimbo za Tracy

Jemima anatula beseni la mandasi kuseri kwa holo ya tchalitchi ku Nsungwi, nayima pansi pa zenera ngati akudikira ogula. Ogula kunalibe kumeneko. Kunali mbuzi imodzi ndi mulu wa njerwa. Mkati mwa holoyo munkamveka gitala ndi mawu a mwamuna wake, Pearson.

Pearson anali wowotcherera zitsulo. Chikwatiraneni, Jemima anali asanamumvepo akuyimba. Ngakhale m'tchalitchi ankangoyasamula pakamwa kuti abusa asamudabwe. Zinthu zinasintha tsiku lomwe gulu la zisudzo la m'deralo linamupempha kuti alikonzere zitsulo zopachikapo makatani. Mtsogoleri wa gululo, a Jeremiah, anadandaula kuti sewero lawo latsopano linkafunika nyimbo koma analibe wopeka. Pearson anapitiriza kukhoma chitsulo, ndipo m'kukhomamo mawu anayamba kubwera okha, kutsatira hamala. Pofika madzulo anali ndi nyimbo yathunthu. Anafika kunyumba akumwetulira ngati mwana woti wakhoza mayeso.

Kuchokera tsiku limenelo mtendere unatha pakhomopo. Ankapeka ali m'bafa, ankapeka akudya, ankapeka ali mu minibasi mpaka kupitirira siteji yake. Kaseti ya kwaya ya amayi, momwe munali mawu a Jemima, anajambulamo nyimbo zake mbali zonse ziwiri.

Zonsezi Jemima akanapirira. Chomwe chinamutsamwitsa n'chakuti nyimbo zonse zinali za Tracy. "Tracy, maso ako ndi nyali za basi ya ku Ntcheu." "Tracy, ukaseka magetsi amayaka Area 25 yonse." Pomwe iye, mayi wa mwana wake, mawu okoma omwe anamvapo kwa Pearson anali akuti, "Ndiwo za lero mchere walowa bwino."

"Tracy ndi munthu wa m'sewero, mayi a Irene," Pearson anamuuza tsiku lina. "Mtsikana wochokera kumudzi, wodzafuna ntchito m'tauni. Kunja kuno kulibe Tracy."

"Ndiye pa siteji padzayima mphepo? Akusewera Tracy ndani?"

"Dzina lake ndinalonjeza kuti sindinena."

Sabata yomweyo chitenje chatsopano cha Jemima chinasowa m'sutikesi. Pearson anavomera kuti anabwereketsa a gulu. Annie, mnzake wogulitsa naye mandasi, sanachedwe kumasulira. "Asisi, mwamuna sapekera nyimbo munthu wongoganizira. Mudzadzidzimuka Tracy ali ndi pakati."

Choncho m'mawa wa tsikuli Jemima analongedza zovala zake ndi za Irene. Chomwe chinatsala unali umboni.

Anasanjikiza njerwa pansi pa zenera, nakwerapo, nasuzumira. A Jeremiah anali pakona akukhwacha gitala. Anyamata ndi atsikana angapo anakhala pabenchi, akudikira kuvomera. Ndipo pakati pa holo, atafulatira zenera, panali Tracy. Anali wamtali, wathanzi, duku atamanga mpaka m'makutu. Chitenje cha Jemima chinamukhala ngati anamugulira. Ankagwedeza chiuno pang'onopang'ono, monyada, ngati munthu wodziwa kuti akuyimbiridwa.

Pearson anali atagwada patsogolo pake, atamugwira dzanja, maso atatsinzina. Munthu yemwe sanagwade ngakhale pofunsira.

"Tracy, usabwerere kwanu," ankayimba. "Tauniyi ndi yozizira, koma ine ndili ndi bulangete."

A pabenchi anavomera, ndipo holo yonse inadzaza. Jemima anazindikira kuti mutu wake ukugwedezeka motsatira nyimboyo, mpaka anachita kuugwira ndi dzanja. Chimenecho ndicho chinamupweteka koposa. Nyimboyo inali yokoma. Mwamuna wake anali ndi luso lenileni, lomwe linagona m'nyumba mwake zaka zonsezi, ndipo linadzutsidwa ndi mkazi wina.

Anatsika panjerwa, nazungulira holoyo, nakankha chitseko. Gitala inasiya. Pearson anatsegula maso, akadali chigwadire.

"Mayi a Irene, mwabwera kudzaonera?"

"Ndaonera kale," Jemima anayankha. "Musadzuke, bambo a Irene, gwadani choncho. Inunso amayi, musavule chitenjecho, chakukhalani. Ine sindimenyana ndi munthu. Ndikupita pompano ku Kawale kukatenga ankhoswe anga, achimwene a Laws, adzaone okha ndi maso awo. Iwo aja ndi mkulu wa mpingo, zopusa sasekerera. Banjali lithere pamaso pawo."

Mtsikana wina pabenchi anadziphimba kumaso ndi mpango. Tracy anachotsa dzanja lake m'manja mwa Pearson, natembenuka pang'onopang'ono. Pilo inagwa kuchokera m'chitenje. Anamasula duku, dazi n'kuonekera.

"Musavutike ulendo wa ku Kawale, achemwali, ndili pano," anatero a Laws. "Mtsikana yemwe ankasewera Tracy anakwatiwa ku Dedza, ndiye wa mawu ofika pamwamba ngati ake m'gulu muno ndi ine ndekha. Koma chonde alamu anu asamve. Akudziwa kuti ndili ku mapemphero."